Kosi Imodzi, Vuto Limodzi: Zolemba za Ntchito Yosula Aphunzitsi a pa Yunivesite

Semesita isanayambe

Komiti yavomereza ndondomeko yathu, koma panali kukokanakokana pa mfundo imodzi. Ambiri amafuna njira imene tonse tinaizolowera: kusonkhanitsa aphunzitsi mu holo, kuitana katswiri, kuonetsa masilaidi kwa masiku angapo, kugawa masatifiketi, basi nkhani yatha. Bajeti ya njira imeneyi siivuta kulemba, ndipo lipoti lake limakoma m'maso chifukwa limadzaza ndi mayina a anthu amene anasaina pakhomo. Ine ndaikana, ndipo chifukwa chake ndichilembe pano kuti amene adzalandire ntchitoyi m'tsogolo asadzayambirenso mkangano womwewo.

Mu 2011, Diane Ebert-May ndi anzake anafalitsa m'magazini ya BioScience zimene anapeza atatsatira aphunzitsi a biology a m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku United States. Aphunzitsiwo anali atachita maphunziro a kaphunzitsidwe kopatsa wophunzira mpata woganiza ndi kuchita zinthu m'kalasi. Atafunsidwa, 89 mwa 100 alionse anati asintha kaphunzitsidwe kawo. Koma ofufuzawo ataonera makanema ojambulidwa m'makalasi, anapeza kuti 75 mwa 100 alionse ankalankhulabe okha kutsogolo, ophunzira ali phee. Sindikuganiza kuti aphunzitsiwo ankanama. Munthu ukamva chinthu chabwino n'kugwirizana nacho, umayamba kudziona ngati ukuchichita kale.

Ndiye tagwirizana chonchi. Mphunzitsi aliyense wolowa m'ntchitoyi abwere ndi kosi imodzi imene akuphunzitsa semesita ino, ndi vuto limodzi limene limamusowetsa mtendere m'kosiyo. Osati kosi ya chaka chamawa, osatinso vuto la yunivesite yonse. Tizikumana m'magulu ang'onoang'ono pakapita masabata awiri alionse, ndipo pakati pa mikumanoyo aliyense ayese chinthu chimodzi m'kalasi mwake, mnzake akuonerera. Za makompyuta ndi intaneti zizilowa pamene vutolo lazifuna. Anzathu a ku ofesi ya makompyuta mfundo yomalizayi sinawasangalatse kwenikweni, popeza anali atakonza kale mndandanda wa mapulogalamu oti aonetse, koma avomera kudikira.

Pa kayezedwe ka ntchito yathu, titsatira magawo anayi amene Donald Kirkpatrick anawafotokoza mu 1959: ngati anthu akondwera ndi maphunzirowo, ngati aphunzirapo kanthu, ngati asintha kachitidwe kawo pa ntchito, ndi ngati kusinthako kwabala zipatso. Timapepala todzaza pamapeto pa mkumano timangoyeza gawo loyamba. Tidzatigawabe poti akuluakulu amatifuna, koma maso athu ali pa gawo lachitatu.

Masabata oyambirira

Pa mkumano woyamba ndinapempha aliyense abwere ndi mapepala awiri: la zolinga za kosi yake, ndi la mayeso a chaka chatha. Tinawayala moyandikana n'kumadutsa mafunso a mayesowo limodzilimodzi, tikudzifunsa kuti wophunzira ayenera kuchita chiyani m'mutu mwake kuti apeze malikisi pamenepo. Akumbukire zimene analoweza? Afotokoze m'mawu ake? Agwiritse ntchito mfundo pa nkhani imene sanakumanepo nayo? Kapena aweruze pakati pa mayankho awiri ooneka ngati onse ndi olondola? Amenewa ndi masitepe amene Benjamin Bloom ndi anzake anawasanja mu 1956, ndipo Lorin Anderson ndi David Krathwohl anawakonzanso mu 2001. Mayinawa ndinawatchula kumapeto kwenikweni, chifukwa mayina akuluakulu akatsogola, anthu amayamba kulemba notsi m'malo moyang'ana pepala lawo.

Pafupifupi pa tebulo lililonse panaoneka chinthu chimodzimodzi. Zolinga za kosi zimalonjeza wophunzira wotha kusanthula ndi kuweruza, pamene mayeso amati "tchulani", "perekani tanthauzo", "lembani mitundu inayi". Ophunzira si opusa. Mapepala a mayeso akale amawawerenga kuposa pepala la zolinga, ndipo amaphunzira zimene mayesowo amalipira. John Biggs anailongosola bwino nkhaniyi mu 1996: zolinga za kosi, zimene wophunzira amachita pophunzira, ndi mayeso, zitatuzi ziyenera kuloza kumodzi. Zikasiyana, mayeso ndi amene amapambana.

A pulofesa ena achikulire, a ku sukulu ya zaumoyo, sizinawakomere.

"Kosi imeneyi ine ndinayamba kuiphunzitsa ena mwa inu musanamalize sekondale," anatero. "Ana anga ali pa ntchito konsekonse. Lero mundiuze kuti nthawi yonseyi ndimalakwitsa?"

Mayi wina wa dipatimenti ya masamu ndi amene anayankha, modekha ndithu. "Ayi a Pulofesa, si zimenezo. Tithandizeni pa funso lachitatuli lokha. Mwana amene waloweza notsi zanu osamvetsa kalikonse, angalilakwe?"

Anavala magalasi, analiwerenga kawiri, kenako anaseka. "Ameneyo angalikhoze bwinobwino."

Pofika mkumano wotsatira anali atalilembanso funsolo. Tsopano likupereka wodwala ndi zotsatira za magazi ake, n'kufunsa kuti mwa mankhwala awiri ndi ati amene sayenera kupatsidwa, ndipo chifukwa chiyani. Ndi funso labwino kuposa lililonse limene ine ndikanawalembera, ndipo izi sizodabwitsa. Lee Shulman mu 1986 anasiyanitsa kudziwa phunziro ndi kudziwa kaphunzitsidwe ka phunzirolo, monga malo amene ophunzira amapunthwa chaka ndi chaka komanso chitsanzo chimene chimawatsegula mutu. Aphunzitsi akale ali nacho chuma chimenechi, kungoti palibe amene anawafunsapo kuti achitulutse. Digiri ya udokotala imasula munthu wofufuza. Kuphunzitsa ambiri a ife tinangotengera kwa amene anatiphunzitsa.

Kanthu kena kakang'ono. Wina anafunsa ngati tingayambe ndi kugawa ophunzira m'magulu a ophunzira poona, ophunzira pomva ndi ophunzira pogwira. Ndamupempha tisataye nthawi pamenepo. Harold Pashler ndi anzake anasanthula umboni wa ganizoli mu 2008 ndipo sanapeze wokwanira wosonyeza kuti kuphunzitsa munthu motsatira "mtundu wake" kumamuthandiza kukhoza.

Moodle

Tafika pa makompyuta tsopano, ndipo tafikapo chifukwa aphunzitsi a makalasi akuluakulu anabwera ndi dandaulo lofanana: ophunzira sawerenga kufikira sabata ya mayeso, ndipo mphunzitsi amadziwa kuti mwana wasochera pamene akuchonga pepala lake lomaliza.

Moodle tili nayo kale. Ndi pulogalamu yaulere yoikapo notsi, mayeso ndi zina za kosi pa intaneti, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa koyamba mu 2002, ndipo ambiri mwa aphunzitsi athu anailowa mokakamizidwa mu 2020 makalasi atatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Zipsera za nthawi imeneyo zikuonekabe. Masamba ambiri a makosi ndi mulu chabe wa mafayilo a PDF, ena opanda mayina omveka. Ochepa ndi okongola zedi, a zithunzi ndi mitundumitundu, koma ukalowamo supeza choti wophunzira achite. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitinaphunzitse Moodle yonse. Tatenga mbali imodzi yokha, ya timayeso tating'onoting'ono. Chifukwa chake ndi kafukufuku wa Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke wa mu 2006. Ophunzira anapatsidwa ndime yoti awerenge. Ena anaiwerenganso, ena anaitseka n'kuyesa kulemba zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenganso aja anachita bwino. Atayesedwa patapita sabata, amene anadzivutitsa kukumbukira aja ndi amene anasunga zambiri. Choncho kuyesa sikuyeza kokha, kumaphunzitsanso, ndipo wophunzira amene amangobwereza notsi amadzimva kuti wakonzeka pamene sanakonzeke.

Malamulo amene tagwirizana ndi ochepa. Mafunso akhale ochepa sabata iliyonse, malikisi ake akhale aang'ono kuti pasakhale chifukwa chobera, wophunzira aloledwe kuyesanso, ndipo yankho lolakwika lililonse likhale ndi mawu ofotokoza pamene maganizo akhotera. Chomalizachi ndiye ntchito yeniyeni. Kulemba funso ndi yankho lolondola n'kwa mphindi zochepa, koma kupeza mayankho olakwika amene mwana wosamvetsa angawakhulupiriredi kumafuna munthu wodziwa ophunzira ake. Njira imene yatithandiza ndi kutsegula mapepala a mayeso akale n'kutola zolakwa zenizeni zimene ana analemba. Mphunzitsi wina wa chemistry anati aka n'koyamba kuti mitolo ya mapepala ili mu ofesi mwake imuthandize kanthu.

Tawasonyezanso tsamba la ziwerengero limene Moodle imatulutsa ophunzira akamaliza kuyankha. Limaonetsa kuti funso lililonse alikhoza angati, komanso ngati amene akhoza bwino mayeso onse ndi amenenso akhoza funsolo. Funso limene ana ochita bwino akulilakwa pamene ofooka akulikhoza, kawirikawiri vuto limakhala pa funsolo kapena pa yankho limene mphunzitsi analisankha ngati lolondola. Aphunzitsi a masamu analikonda tsambali nthawi yomweyo. A mbiri yakale analiyang'ana mokayikira, koma atapeza funso lawo limodzi la matanthauzo awiri, anasiya kutsutsa.

Pomaliza, aliyense watsegula tsamba la kosi yake pa foni, ngati wophunzira. Ambiri anali asanachitepo. Apa m'pamene anaona matebulo osefukira kunja kwa sikirini, ndi mabuku ojambulidwa ndi sikana amene amalemera kutsitsa, osawerengeka pa foni, ndiponso amene pulogalamu yowerengera munthu wosaona singawawerenge chifukwa ndi zithunzi chabe. Tagwirizana kuti notsi zifupizifupi zizilembedwa pa tsamba penipenipo, osati kuziika ngati fayilo.

Sabata yotayika

Mkumano wa sabata ino wathera pa mapasiwedi oiwalika ndi mayina a ophunzira amene sanalowe m'makosi awo pa Moodle chifukwa kaundula anachedwa. Palibe chophunzitsa chimene chachitika. Ndapempha kuti munthu mmodzi wa ku ofesi ya makompyuta azifika mkumano usanayambe kuti zoterezi zizithera pakhomo.

Pakati pa semesita

Gawo lino ndi limene ndimaliopa kwambiri, ndipo ndi limene ladya nthawi yambiri: kusintha zochitika m'kalasi mwenimwenimo.

Tasankha njira ya Eric Mazur, mphunzitsi wa physics pa Harvard, yotchedwa Peer Instruction. Iye anaiyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 atazindikira kuti ophunzira ake, amene ankakhoza masamu ovuta a physics, ankalakwa mafunso osavuta ofuna kumvetsa chabe. Kachitidwe kake n'kotere. Mphunzitsi amafotokoza mwachidule, kenako amapereka funso limodzi la mayankho osankha. Aliyense amaganiza payekha n'kuvota. Ngati oyankha bwino ali cha pakati pa 30 ndi 70 mwa 100, mphunzitsi saulula yankho, amangoti aliyense apeze mnzake amene wasankha zosiyana n'kuyesa kumukopa. Pakatha mphindi zochepa amavotanso, ndipo pamenepo m'pamene mphunzitsi amamanga mfundo. Ngati pafupifupi onse akhoza, amapitirira. Ngati pafupifupi onse alakwa, kukambirana sikuthandiza, ayenera kufotokozanso.

Funso loyamba kuchokera kwa aphunzitsi linali la pulogalamu yovotera pa foni. Zilipo zambiri, koma ndawapempha ayambe ndi pepala lopindidwa panayi, lolembedwa A, B, C ndi D. Silifuna netiweki, silitha batire, ndipo mphunzitsi amaona kalasi yonse kamodzi. Amene pepala lidzawachepere, tidzawathandiza kusamukira pa foni, chifukwa pa foni wophunzira saona zimene anzake asankha ndipo mayankho amasungika. Koma chida chivute pamene njirayo yakhazikika kale, osati tsiku loyamba.

Chovuta chachikulu sichinali chida ayi. Chinali kukhala chete. Mary Budd Rowe anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi, ndipo akamadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Kafukufukuyo anachitikira m'masukulu a ana, koma mphunzitsi wa pa yunivesite sasiyana kwenikweni. Ndinaonerera bambo wina akufunsa funso labwino kwambiri, n'kuliyankha yekha ophunzira asanamalize n'kuliwerenga komwe. Titakambirana anati chete wa m'holo yodzaza anthu amamumva ngati kalasi yamuthawa m'manja. Tagwirizana kuti aziyang'ana wotchi, osati nkhope za ana.

Kenako ophunzira anadandaula. Ndinali nditawachenjeza aphunzitsi kuti zidzatero, komabe zikafika zimapweteka. Nthumwi ya kalasi ina inapita kwa mkulu wa dipatimenti kukanena kuti mphunzitsi wawo wasiya kuphunzitsa, akungowafunsa mafunso. Mphunzitsiyo, amene ndi mayi, anabwera ku mkumano atatsimikiza zobwerera ku masilaidi ake.

Tinawerenga naye zinthu ziwiri. Choyamba ndi ntchito ya Scott Freeman ndi anzake ya mu 2014, imene inaphatikiza kafukufuku 225 wa makosi a sayansi, uinjiniya ndi masamu. M'makalasi amene mphunzitsi amangolankhula, ophunzira 33.8 mwa 100 ankalephera kosi, pamene m'makalasi opatsa ophunzira zochita ankalephera 21.8. Chachiwiri, chimene chinamukhudza kwambiri, ndi cha Louis Deslauriers ndi anzake cha mu 2019. Ophunzira a physics pa Harvard anaphunzitsidwa mitu ina mwa njira yongomvetsera ndipo ina mwa njira yochita nawo. Pa mayeso anakhoza bwino mitu imene anachita nawo, koma atafunsidwa, anati aphunzira zambiri m'kalasi yongomvetsera. Mphunzitsi wodziwa kulankhula amachititsa chinthu chovuta kumveka chosavuta, ndipo womvetsera amatuluka akuganiza kuti wachigwira. Kuvutika kuganiza wekha kumamveka ngati kulephera.

Mayiyo sanabwerere ku masilaidi. Anapita m'kalasi n'kuwafotokozera ophunzira zomwezi, ndipo anawalonjeza kuti funso lililonse lovotera lizitha ndi kufotokoza kwake komveka bwino, chinthu chimene iye mwini anavomera kuti ankachidumpha nthawi ikamuthera. Madandaulo achepa, ngakhale sanatheretu. Kuyambira tsopano, aliyense woyamba njirayi aziyamba ndi kuwauza ophunzira chifukwa chake.

Nkhawa imene sindinathe kuichotsa ndi ya silabasi. Funso limodzi lovotera limadya nthawi imene mphunzitsi akanadutsa masilaidi angapo, ndipo silabasi siichepa. Ena asamutsira matanthauzo ndi mfundo zosavuta ku Moodle kuti ana aziwerenge asanabwere. Ena akuti makosi awo ndi odzaza mopitirira muyeso, ndipo ine ndikugwirizana nawo, koma kuchepetsa silabasi si mphamvu ya ofesi yathu.

Kuonererana

Mawu akuti "ndibwera kudzaonerera kalasi yanu" amaopsa ngakhale pulofesa. Kwa ambiri, munthu wokhala kumbuyo ndi cholembera amatanthauza kuweruzidwa. Choncho taika malamulo atatu, ndipo akuluakulu a yunivesite asainira: mphunzitsi asankha yekha womuonerera, zolemba zonse zimatsala m'manja mwa woonereredwayo, ndipo palibe chimene chipite ku fayilo yake ya ntchito.

Tikugwiritsa ntchito fomu yotchedwa COPUS, imene Michelle Smith, Carl Wieman ndi anzawo anaifalitsa mu 2013. Ubwino wake ndi woti siifunsa ngati phunziro linali labwino kapena loipa. Pa mphindi ziwiri zilizonse woonerera amachonga zimene mphunzitsi akuchita ndi zimene ophunzira akuchita: akulankhula, akulemba pa bolodi, akufunsa, akuzungulira m'magulu, akumvetsera, akukambirana. Pamapeto pamatuluka chithunzi cha mmene ola layendera, ndipo chithunzicho sichitsutsika.

Bambo wina amene ankanena motsimikiza kuti kalasi yake ndi ya kukambirana, anapeza mzere wa "ophunzira akumvetsera" utachongedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, kupatula malo ochepa. Mafunso ankafunsadi, koma ankayankha ndi ana omwewomwewo a kutsogolo. Palibe amene anamuuza kanthu. Anaiyang'ana fomuyo nthawi yaitali n'kufunsa mnzakeyo kuti, "Achimwene, mudzabwerenso liti?"

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti oonerera akupindula kuposa oonereredwa. Ambiri anali asanakhalepo m'kalasi ya mnzawo chimalizireni maphunziro awo. Ukakhala kumbuyo umaona zimene wa kutsogolo saona: zolemba za pa bolodi zosawerengeka, mafoni otsegulidwa pansi pa desiki, mphindi imene kalasi yonse imatayika mphunzitsi atadumpha sitepe imodzi imene kwa iye ndi yodziwikiratu. Tikulimbikitsa kuti anthu aziphatikizana a madipatimenti osiyana. Wa phunziro lomwelo amatanganidwa ndi kuona ngati mfundo zili zolondola, pamene mlendo amakhala ngati wophunzira weniweni ndipo amasochera pamene ana amasochera.

Makanema

Aphunzitsi angapo akufuna kujambula maphunziro awo. Ganizo lawo loyamba linali kuimika kamera kumbuyo kwa holo n'kujambula ola lonse. Ndawauza za Philip Guo ndi anzake, amene mu 2014 anasanthula maulendo 6.9 miliyoni amene anthu anaonera makanema a makosi anayi a pa edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti, n'kupeza kuti kanema akapitirira mphindi zisanu ndi imodzi, ambiri samumaliza. Kafukufukuyo anayeza kuonera, osati kuphunzira, choncho sitikumutenga ngati lamulo. Komabe tagwirizana kuti kanema mmodzi azifotokoza mfundo imodzi, makamaka ija imene mphunzitsi watopa kuibwereza mu ofesi, ndipo azitsatiridwa ndi funso.

Kamera yodula sikufunika. Mawu omveka bwino ndiwo ofunika, chifukwa chithunzi chosaoneka bwino anthu amachipirira koma mawu ophokosera amatseka. Foni yoimikidwa pamwamba pa pepala, dzanja likulemba ndi mawu akufotokoza, yatulutsa makanema abwino kuposa a masilaidi owerengedwa liwu ndi liwu. Fayilo izichepetsedwa isanaikidwe, ndipo pakhale mawu olembedwa a zimene zanenedwa, kuti wosamva ndi amene intaneti yamuvuta asatsalire. Pa zithunzi ndi mabuku, tawasonyeza ziphaso za Creative Commons, zimene mwini chinthu amalolera nazo ena kuchigwiritsa ntchito, ndi mabuku aulere a OpenStax a ku Rice University, kuti asiye kutola chilichonse chimene apeza pa Google.

ChatGPT

Nkhaniyi sinali pa ndondomeko, koma inalowa yokha asayimenti zoyamba zitabwera. Mkumano wonse unali wa mkwiyo. Mphunzitsi wina anabwera ndi mapepala osalala bwino, opanda cholakwa cha galamala, onena zinthu zofanana m'ndime zofanana, ndipo ena akutchula mabuku amene kulibe. Pempho la ambiri linali limodzi: yunivesite igule pulogalamu yogwira zolembedwa ndi makina.

Ndawauza zimene zikudziwika. ChatGPT, pulogalamu imene imalemba yokha nkhani ndi mayankho munthu akaifunsa, inatuluka pa 30 November 2022. Mu January 2023 kampani yake, OpenAI, inatulutsa chida chozindikirira zolembedwa ndi makina, ndipo inanena yokha kuti chimagwira 26 mwa 100 ya zolemba za makina, n'kunamizira 9 mwa 100 ya zolemba za anthu. Mu July chaka chomwecho inachichotsa chifukwa chosadalirika. Mu 2023 momwemo, Weixin Liang ndi anzake a ku Stanford anayesa zida zisanu ndi ziwiri zoterezi pa nkhani zolembedwa ndi anthu amene Chingelezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zinanenedwa kuti n'za makina. Munthu wolemba m'chilankhulo chachiwiri amasankha mawu odziwika ndi ziganizo zosakhotakhota, ndipo zimenezo n'zimene zidazi zimazitenga ngati chizindikiro cha makina. Kulanga mwana potengera nambala ya chida chotere n'kulanga wosalakwa.

Yankho limeneli silinasangalatse aliyense, ndipo ndikumvetsa. Munthu amene ali ndi mapepala mazanamazana oti achonge amafuna batani loti adine. Chimene tatha kugwirizana ndi ichi. Asayimenti iliyonse izinena poyera zimene zikuloledwa ndi zosaloledwa, popeza ophunzira akumva malamulo osiyana kwa mphunzitsi aliyense. Ntchito zikuluzikulu ziziperekedwa m'magawo, kuyambira pa mutu ndi mabuku amene wasankha, kenako zolemba zoyamba, kenako zomaliza. Ndipo mphunzitsi akhale ndi ufulu woitana wophunzira aliyense kuti afotokoze pakamwa kwa mphindi zochepa zimene walemba. Amene walemba yekha amayankha ngakhale mozengereza. Amene sanalembe amakakamira pa ndime yoyamba.

Mayi wina wa zamalamulo wayesa njira ina imene ndaikonda. Anafunsa ChatGPT funso la asayimenti ali m'kalasi, n'kugawira ophunzira yankholo kuti alichonge ngati aphunzitsi, afufuze mlandu uliwonse wotchulidwa, ndipo alembe pamene lanama kapena pamene langozungulira. Akuti sanaonepo ana akulimbikira kufufuza m'laibulale ngati tsiku limenelo. Tawachenjezanso aphunzitsi kuti asamaike mayina a ophunzira, malikisi awo kapena mapepala awo m'zida zimenezi. Malangizo a UNESCO a mu September 2023 pa nkhani ya zidazi m'maphunziro amatsindika za kuteteza zinsinsi za anthu, ndipo tawatumiza ku komiti imene ikulemba malamulo a yunivesite yonse.

Mayeso atatha

Gulu lachepa poyerekeza ndi mmene tinayambira. Amene anasiya sanasiye chifukwa chotsutsa. Ambiri ndi achinyamata amene ali ndi makalasi ochuluka, ophunzira oti awayang'anire pa kafukufuku, ndi mapepala oti afalitse. Mmodzi anandiuza mosabisa kuti pa fomu yokwezera anthu pa ntchito, pepala limodzi lofalitsidwa limalemera kuposa chilichonse chimene angachite m'kalasi, ndiye madzulo ake awapereka kumene kukuwerengedwa. Sindinamutsutse. Malinga ngati fomuyo ili chonchi, ntchito yathu izidalira anthu amtima wabwino okha, ndipo amenewo amatopa.

Mwa amene atsala, mafomu a COPUS a kumapeto akusiyana ndi a pakati pa semesita, ena kwambiri, ena pang'ono. Pa malikisi sindinena kanthu panopa. Mayeso a chaka chino m'makosi ambiri asintha, ena avuta kuposa kale, choncho kuyerekeza ndi a chaka chatha kungakhale kudzinamiza. Tapempha mphunzitsi aliyense asunge mafunso ochepa osasintha, osawatulutsa kwa ophunzira, kuti tidzakhale ndi poyerekezera semesita zikubwerazi.

Ndazindikiranso kuti palibe amene anakopeka ndi ziwerengero za Freeman zokha. Thomas Guskey ananena mu 1986 kuti maganizo a mphunzitsi sasintha asanayese, amasintha akayesa n'kuona ophunzira ake akusintha. A pulofesa a zaumoyo aja anayamba kulankhula mosiyana tsiku limene anaona kalasi yawo ikuvota kachiwiri n'kusamukira ku yankho lolondola iwo asananene kanthu. Panopa ndi iwo amene akukakamiza dipatimenti yawo kuti iunikenso mayeso a chaka choyamba, ndipo akanena iwo anthu amamva kuposa ndikanena ine.

Zotsala tchuthi chisanathe: kusunga makope a makosi onse a pa Moodle pamodzi ndi nkhokwe za mafunso, kuti asadzafufutike pokonzekera semesita yatsopano, kupempha amene amaliza kuti aliyense atenge mnzake mmodzi watsopano woti aziyenda naye, ndi kukambirana ndi okonza ndandanda ya makalasi kuti pakhale ola limodzi pa sabata limene aphunzitsi a m'gululi onse ali omasuka. Kalata yopita ku komiti yokweza anthu pa ntchito ndayamba kuilemba. Ikupempha kuti mphunzitsi aziloledwa kupereka umboni wa kaphunzitsidwe kake, monga mayeso amene wawakonzanso ndi zimene wasintha ataona zotsatira. Pakutsala kugwirizana ngati mafomu a kuonererana angalowe nawo mu umboniwo mwini wake akafuna, popeza tinalonjeza kuti sadzafika ku fayilo ya munthu. Nkhaniyi ndiitengera ku gulu lonse pa mkumano woyamba wa semesita ikubwerayi, kalatayo isanatumizidwe.